Mafuta a Makina mu Lenzi ya Amuna Anga

Ndimasoka zovala. Makina anga amakhala pakhonde, m'mudzi wathu wa asodzi chakumpoto kwa Chipoka, ndipo pazaka zimene ndakhala pampando umenewo ndasoka mayunifolomu a sukulu, mabulauzi oyera a amayi a kutchalitchi, ndi madiresi osawerengeka a operekeza akwati. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse mmene mutu wanga unkayendera. Kwa munthu wa makina, chitsulo chikayamba kulimba kapena kulira ndiye kuti chikupempha mafuta. Sipakhalanso zofunsa.

Amuna anga anali ojambula zithunzi. Pamene ankandifunsira n'kuti ali nayo kale kamera yawo, yakuda, yolemera, imene anagula kwa mkulu wina wogwira ntchito m'sitima ya panyanja. Ankayenda nayo panjinga m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, mpaka kumtunda kwa alimi a thonje. Msodzi akagula injini yatsopano ankafuna chithunzi ataigwira. Mwana akabatizidwa, wina akamaliza mayeso, mtsikana akasoketsa diresi kwa ine, onsewo ankathera kwa iwo. Filimu ikadzaza ankapita nayo ku Lilongwe kukatsukitsa, n'kubwerako ndi envulopu yonenepa, ndipo anthu ankawachingamira panjira.

Pakhomo pathu panali lamulo limodzi losalembedwa. Ana ankatha kusewera ndi wailesi, ngakhale kuzembetsa njinga n'kukagwa nayo kumchenga, koma chikwama chofiirira cha kamera ayi. Ngakhale ine sindinkachigwira. Ndikamasesa kuchipinda n'kuchipeza chili pabedi, ndinkawaitana kuti adzachichotse okha. Sindinafunsepo chifukwa chake. Ndinangozitenga kuti amandiona ngati munthu wa manja olemera, ndipo pansi pamtima zinkandiwawa, poti manja omwewa ndi amene ankalowetsa ulusi pasingano osaphonya.

Kenako kunabwera mafoni okhala ndi kamera, ndipo ntchito ya amuna anga inaphwa pang'onopang'ono ngati madzi a padambo mu Okutobala. Anayamba kugula usipa n'kumayanika pamathandala, kugulitsa kwa anthu ochokera ku Lilongwe. Sanadandaulepo. Koma Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi ankatsitsa chikwama chija, kupukuta kamera, kupotokola mphete za pa lenzi uku akusuzumira mkati, kenako n'kubwezera. Filimu munalibe. Ankangofuna kumva kuti zinthu zikuyendabe.

Sitiroko inawapeza kumathandala komweko, m'mawa wa tsiku lotentha. Anzawo anawanyamula mpaka kumsewu, ndipo tinathamangira nawo kuchipatala ku boma. Tinagonako milungu itatu. Potuluka, mwendo wamanja unkakoka, dzanja lamanja lili lende, ndipo mawu anali atawathawa. Ankadziwa chimene akufuna kunena, umachiona m'maso mwawo, koma pakamwa pankatuluka liwu limodzi kapena awiri, nthawi zina olakwika. Akafuna madzi ankatha kunena kuti "moto". Ine ndinaphunzira kuwalosera. Asanamalize liwu ndinali nditawabweretsera kale kapu, nsapato kapena pilo.

Lamlungu lina, patatha miyezi iwiri chibwerereni kuchipatala, iwo akugona masana, ndinayang'ana pamwamba pa wodiropu n'kuona chikwama chija chitachita fumbi. Ndinamva chisoni ngati ndaona mwana wosasamba. Ndinachitsitsa n'kupita nacho pakhonde. Aka kanali koyamba kugwira kamera ija chikwatirane chathu. Ndinaipukuta monga ndinkawaonera akuchitira. Nditapotokola mphete yaikulu ya pa lenzi ndinapeza ili yolimba, ikumveka ngati muli mchenga. Kabotolo ka mafuta a makina kanali pomwepo pambali panga. Ndinadontheza madontho atatu mumpata wa mpheteyo, ndipo inayamba kufewa. Ndinachotsa lenzi pa kamera, poti kabatani kake ndinkakadziwa, ndipo kumbuyo kwake ndinaona kachitsulo kakang'ono kosuntha. Ndinati nakonso kalaweko. Madontho ena awiri. Ndinabwezera zonse m'chikwama mtima uli mbee, ndikudziuza kuti akadzachira adzapeza katundu wawo ali bwino. Chikwamacho chinabwerera pamwamba pa wodiropu, pafupi ndi malata, pomwe masana pamatentha ngati mu uvuni. Sindinawauze. Kenako ndinaiwala.

Panadutsa chaka ndi miyezi ingapo. Mwana wathu wachiwiri, wamkazi, ndiye anatengera bambo ake. Amakhala ku Lilongwe ndipo amajambula maukwati ndi zinkhoswe ndi kamera zamakonozi zosafuna filimu. Anabwera kudzationa mu Julayi, nthawi ya mwera, ndipo titatha kudya anakhala pansi pafupi ndi mpando wa bambo ake.

"Ababa, ndabwera ndi pempho," anatero. "Lenzi yanu ija mungandibwereke? Zamakonozi zimaonetsa chilichonse, ngakhale chiphuphu chimene mkwati wabisa ndi paudala. Zakalezi zimajambula nkhope mofatsa. Ndagula kale kachitsulo kolumikizira kuti ikwane pa kamera yanga."

Amuna anga anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza kuchipinda ndi dzanja lamanzere. Mwanayo anakatenga chikwama, anachotsa lenzi, n'kuyamba kupotokola mphete yaing'ono yokhala ndi manambala uku akusuzumira mugalasi. Nkhope yake inasintha.

Pano ndifotokoze chimene panthawiyo sindinkachidziwa. Mkati mwa lenzi, pakati pa magalasi, muli timasamba tachitsulo topyapyala, togonerana mozungulira. Ukapotokola mphete ya manambala, timasambato timasendera pakati n'kuchepetsa bowo lolowera kuwala, kapena timabwerera m'mbali kuti bowolo likule. Padzuwa la kunyanja kuno bowo limafunika kuchepa kwambiri, apo ayi chithunzi chimangotuluka mbuu, nkhope osaoneka. Timasambato timayenera kukhala touma. Tikangokhudza mafuta timamatirirana.

Ta amuna anga tinali titakanirira m'mbali. Mwanayo anagwedeza kachitsulo kakumbuyo kangapo, ndipo tinatulukira pang'ono mwaulesi, tikunyezimira ngati nsomba yokazinga, n'kuima panjira. Anapereka lenzi kwa bambo ake. Iwo anailozetsa kuwindo, kenako anaifikitsa pamphuno.

"Mafuta," anatero. Liwu limenelo linatuluka lomveka, losaphonya. "Ndani?"

"Palibe, ababa," mwanayo anayankha. "Zimachitika zokha. Girizi wa mkatimu akakalamba amasungunuka ndi kutentha n'kuyenderera. Malenzi akale ambiri amatero."

Ine ndinali chiimire pakhomo, mbale zili m'manja. Mwana wanga anali atanditsegulira njira yothawira osadziwa, ndipo ndinadutsamo. Ndinapita kukatsuka mbale. Mwanayo anapempha kuti apite ndi lenziyo ku Lilongwe akafufuze wokonza, koma bambo ake anaikumbatira pachifuwa n'kupukusa mutu. M'mawa mwake anabwerera chimanjamanja.

Masiku awiri otsatira ndinasoka zophonya. Mkono wa bulauzi ndinausokerera kunja kuli mkati, n'kuphwasula kawiri. Chimene chinkandisautsa si lenzi ayi, koma kuti iwo ananunkhiza. Munthu amene wakhala zaka zonsezi pafupi ndi makina anga fungo la mafuta amenewo amalidziwa. Tsiku lachitatu m'mawa, ndikuwasisita dzanja lodwalalo monga anatiphunzitsira kuchipatala, ndinangoti:

"Abambo, mafuta aja ndinathira ndine. Munali mukudwala. Ndinkayesa ndikuthandiza."

Ananyamula dzanja lawo ndi linzake kulichotsa m'manja mwanga, n'kutembenukira kukhoma. Tsiku lonse sanandiyang'ane. Phala anadya, mankhwala anamwa, koma maso ali kwina. Ndikanakonda akanandikalipira, koma mawu okalipirawo analibe, ndipo ndikuganiza kuti chimenechonso chinkawapweteka.

Kutacha ndinawapeza atakhala kale patebulo, lenzi ili patsogolo pawo. Anaikankhira kwa ine.

"Tsegulani."

"Ine?"

"Inu. Mwathira." Anavutika kanthawi kufuna liwu lotsatira. "Chotsani."

Sindinadziwe ngati chinali chilango kapena chikhululuko. Mpaka lero sindinawafunse.

Zida ndinalibe. Ndinakwera minibasi kupita ku boma, kukafika kwa mkulu wina wokonza mawotchi amene amakhala pakhonde la sitolo pafupi ndi depoti. Ndi Msilamu wachikulire wa kunyanja konkuno, wa ndevu zoyera, ndipo amadziwana ndi amuna anga kuyambira kale. Nditawafotokozera anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anapepesa.

"Mayi, safunsa anadya phula," anatero. "Koma musadandaule, si inu oyamba. Anthu amandibweretsera mawotchi atathiramo mafuta ophikira. Lenzi sindinaitsegulepo, ndisakunamizeni. Koma chitsulo chopyapyala ndimachidziwa. Musachigwire ndi chala, thukuta limadya. Musachikakamize. Chikakana, imani, mukamwe madzi."

Anandibwereka timasikuludiraiva tiwiri tating'ono ngati singano za pamanja, ndi kopanira kosongoka, n'kundithirira m'kabotolo mankhwala oyera amene amatsukira mawotchi, ouma msanga osasiya kanthu. Anandiletsa sipiliti wapepo uja ndi petulo, akuti zimasiya litsiro lake.

"Inshallah zitheka," anatero potsanzikana. "Mukawapatse moni akuluwo. Mukawauze kuti chithunzi chimene anandijambula ndili ndi tsitsi lakuda ndikadali nacho."

Mwera ukamaomba kwathu mchenga umalowa paliponse, m'mabuku, mu shuga, m'makutu. Ndinatseka mawindo, komabe ndikayala nsalu yoyera patebulo, pakatha ola imakhala itadera. Ndiye ndinamangirira neti ya udzudzu kudenga la pabalaza n'kuitsitsa kuzungulira tebulo. Fumbi losalala linkadutsabe, koma ntchentche ndi tizinyalala ayi, ndipo kasikuluwu kakanati kadumphe sikakanapita kutali. Tinkalowamo awiri, ine ndi amuna anga, dzuwa likakwera, n'kutulukamo nthawi yophika ikakwana. Mayi wina amene anabwera kudzatenga yunifolomu ya mwana wake anasuzumira pakhomo n'kutipeza tili mu neti masanasana, mitu titagundaniza. Anabwerera osalankhula, ndipo sindikudziwa zimene anakanena kumjigo.

Amuna anga anali asanatsegulepo lenzi ndi manja awo. Anangoonererapo kamodzi, kalekale, munthu wina ku Lilongwe akuitsegula kuti apukute galasi lamkati. Zimene anaona tsiku limenelo ndizo zonse zimene tinali nazo, ndipo zinali m'mutu mwa munthu amene mawu amamukana.

Kutsogolo kwa lenzi kuli mphete yolembedwa zilembo, yopanda sikuluwu, yopanda pogwira. Ndinaiyang'ana mbali zonse osaona poyambira. Iwo ankangoti "njinga, njinga," akuloza panja. Ndinayesa kuti asokoneza mawu monga mwa masiku onse, ndipo ndinayamba kuwalosera: sipanala? Waya? Pampu? Liwu lililonse limene ndinkatchula linkawakwiyitsa, mpaka anamenya tebulo, misozi ikulengeza m'maso. Ndinakhala chete, chifukwa mawu olosera anali atandithera. Tinakhala choncho mwina mphindi zisanu. Kenako, pang'onopang'ono, anati:

"Chubu. Mphira. Dulani."

Ndinakadula kachidutswa ka chubu chakale cha njinga yawo, n'kukakuta pachitsekerero cha botolo la mankhwala. Iwo anagwira lenzi ndi dzanja lamanzere, ine n'kukanikiza mphirayo pamphete ija ndi kupotokola. Inatembenuka.

Tsiku limenelo ndinaona chinthu chimene chinandichititsa manyazi kuposa za mafuta. Kwa nthawi yoposa chaka ndinali ndisanawalole amuna anga kumaliza chimene akunena. Ndinkawalanda mawu pakamwa poganiza kuti ndikuwapeputsira ntchito. Za kapu ndi nsapato ndinkalosera bwino, ndiye panalibe chowakakamiza kufufuza liwu. Koma za mkati mwa lenzi sindinkadziwa kanthu, ndipo ndinalibe kuchitira mwina koma kudikira. Ndikadikira, liwu linkabwera. Mochedwa, nthawi zina lopindika, koma linkabwera.

Tinalowa mkati masiku atatu. Mwana wathu pafoni anandilangiza kuti ndizijambula chilichonse ndisanachichotse, ndipo ndinkatero, komanso ndinkakanda kachizindikiro ndi nsonga ya singano pomwe zitsulo ziwiri zakumana, monga ndimachitira ndi choko pansalu. Magalasi akutsogolo anatuluka onse pamodzi ngati kachitini. Tinawakulunga m'kansalu n'kuwaika m'kapu. Timasikuluwu ndinkatiika m'timbale ta makapu a tiyi, gulu lililonse pa lokha. Kamodzi kanakana kutembenuka. Ndinaima, ndinakamwa madzi, ndinakadonthezera mankhwala aja, ndipo m'mawa mwake kanalola.

Timasamba titaonekera, ndinanyamula kamphete kotipanikiza, ndipo tinatuluka tonse pamodzi titamatirirana ngati mapepala onyowa. Ndinatiponya m'kabotolo ka mankhwala n'kugwedeza pang'ono. Tinayamba kulekana, mankhwala n'kusanduka achikasu. Tinalipo tisanu ndi kamodzi, topyapyala kuposa lezala, kalikonse kopindika ngati mwezi ukangooneka, kokhala ndi timisomali tiwiri, kena kuyang'ana kumwamba kena pansi. Ndinatitsuka katatu, ndikusintha mankhwala, n'kutiyala pansalu kuti tiume. Malo amene timakhalamo ndinawapukuta ndi thonje lokulunga pakamtengo ka machesi mpaka thonje linasiya kuda. Mafuta anga anali atafika patali. Madontho asanu okha.

Pofuna kuyamba kubwezera ndinawerenga timasamba. Tinali tisanu. Ndinawerenganso. Tisanu. Ndinakutumula nsalu pang'onopang'ono, ndinayang'ana pansi pa timbale, m'mapindo a chitenje changa, ndinakwawa pansi pa tebulo ndi tochi ya pafoni. Amuna anga ankangonditsata ndi maso. Katsamba koteroko kulibe kokagula, ku boma kapena ku Lilongwe. Nditatopa ndinakhala pansi n'kugwira kumutu.

"Amayi," anandiitana.

Anali atanyamula dzanja lawo lodwala lija ndi linzake kuti alisunthe, ndipo pachikhatho pake panali katsamba kosowako, katamatirira ndi thukuta. Dzanjalo linali litagonera pamenepo ola lonse osamva kanthu. Tinayang'anana. Iwo ndiwo anayamba kuseka, kuseka kwa mbali imodzi ya pakamwa, mapewa akugwedera, ndipo inenso ndinaseka mpaka kutsokomola. Chidwalireni anali asanasekepo chotero. Katsambako tinakatsukanso.

Kubwezera ndiko kunali ntchito. Katsamba kalikonse kamsomali kake kamodzi kamalowa m'kabowo, ndipo kamagona pamsana pa kanzake. Tinayi toyamba tinkalowa bwinobwino. Koma tiwiri tomaliza timayenera kulowa pansi pa koyamba kaja kuti bwalo litsekeke, ndipo ndikangonyamula koyambako, tonse tinkadumpha m'mabowo n'kumwazika. Tsiku loyamba ndinalephera kasanu ndi kawiri. Lachiwiri ndinakwanitsa mpaka kufuula, koma titayesa sitinasunthe. Ndinali nditatiika chadodolido, timisomali tapansi tili pamwamba. Iwo anali atandiuza "ayi, ayi" pachiyambi pomwe, ine osamva chifukwa cha changu. Tinaphwasulanso.

Masana amenewo, tikupuma, ndinawafunsa chimene ndinasunga zaka zonse zija.

"Abambo, n'chifukwa chiyani simunkafuna kuti ndiziigwira kamerayi? Munkandiona ngati wowononga?" Ndinaseka pang'ono. "Poti ndaonetsadi."

Anapukusa mutu. Ndinadikira.

"Imodzi," anatero. "Inali imodzi. Ana. Sukulu." Anapuma. "Ine, mantha. Tsiku lililonse."

Ndinamva. Nyumba yonse inkadalira kachitsulo kamene eni ake sankadziwa kukakonza kakawonongeka, ndipo ankayenda nako panjinga, mumchenga ndi m'mvula, mtima uli m'mwamba. Ine ndinkaona ngati kunyada. Zaka zonsezo tinkagona chipinda chimodzi, wina ali ndi mantha ake, wina ali ndi kadandaulo kake, ndipo panalibe anafunsa mnzake. Sindikunena kuti anachita bwino. Akanatha kundiuza nthawi imene anali ndi mawu onse. Nanenso ndikanatha kufunsa.

Tsiku lachitatu ndinasintha njira. Ndinakumbukira mmene ndimatsekera timapinda ta siketi ya sukulu, pomwe komaliza kamabisala pansi pa koyamba. Sunyamula zonse ayi, umangotsegula pakamwa pokha, zinazo utazipanikiza. Ndinapatsa amuna anga kamtengo ka machesi kuti apanikize timasamba tolowa kale ndi dzanja lamanzere. Anatsamiritsa chigongono patebulo n'kugwira mpweya. Ine ndinalowetsa nsonga ya singano pansi pa katsamba koyamba, kukanyamula pang'ono chabe, n'kukankhiramo kachisanu ndi kopanira. Kanalowa. Komaliza kanavuta, kanatuluka kawiri, koma kachitatu ndinamva kamsomali kakugwera m'bowo mwake. Ndinabwezera kamphete kopanikiza, ndinamanga timasikuluwu take, kenako n'kukankha kachitsulo kakumbuyo kaja.

Bowo linatseka, kuchepa mpaka kutsala ngati diso la singano. Nditasiya linatseguka lokha msangamsanga, kukumveka kaphokoso kouma. Iwo anandilanda n'kuyesa okha ndi chala chachikulu, kakhumi kapena kuposa, atayandikitsa kukhutu.

"Eya," anatero. "Ndi yomweyo."

Kubwezera magalasi kunatenga tsiku linanso. Mphete yaikulu ija, imene inayambitsa zonsezi, ndinangoipukuta mmene ndikanathera. Mkati mwake sitinalowemo, chifukwa munthu amene amuna anga anamuonerera uja sanafikeko. Mpaka pano imatembenuka mopepuka kuposa mmene iyenera kukhalira, ndipo mwana wathu akuti mwina tsiku lina mafuta otsalira adzayendereranso. Akadzatero tidzatsegulanso. Njira tsopano ndikuidziwa.

Titamaliza amuna anga anabwezera lenzi pa kamera yawo, tinatuluka panja, ndipo anandiuza kuti ndisuzumire. Patsinde pa mtengo wa mango wa anansi athu panali bambo wina akusoka ukonde. Poyamba ndinangoona chimbuuzi. Amuna anga anagwira chala changa n'kuchiyendetsa pamphete, ndipo mwadzidzidzi mfundo za ukondewo zinaoneka imodziimodzi, pomwe mpanda wa kumbuyo unangosungunuka. Anapotokola mphete ya manambala n'kukanikiza kabatani kena ka pambali. Mkati munada pang'ono, koma mpanda uja unabwerera, udzu wake ukuwerengeka. Ndinatsegula ndi kutseka kangapo, osatopa. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ntchito yawo inali kungoloza munthu n'kukanikiza. Sindinkadziwa kuti pa chithunzi chilichonse ankayamba asankha chimene chioneke ndi chimene chibisike, munthu ataima padzuwa akuwadikira.

Pokabweza zida ku boma ndinatenga lenzi kuti mkulu wa mawotchi uja aione. Anavala kagalasi kawo ka diso limodzi, anagwedeza kachitsulo, anayang'ana nthawi yaitali. Anandionetsa kamzere kamene ndinakanda ndi kopanira pa katsamba kamodzi, komwe ine sindinakaone. Kenako anati, "Alhamdulillah. Mayi, mukadzatopa ndi kusoka mudzabwere, pakhonde pano malo alipo."

Mwana wathu anabwera kudzatenga lenziyo kumapeto kwa Ogasiti. Ndinamuuza zoona zake za mafuta aja, iye n'kugwira pakamwa. Patatha milungu iwiri anatumiza pafoni zithunzi za chinkhoswe china chimene anajambula ndi lenziyo. Kwa ine zonse zinali zokongola. Bambo ake anatenga foni, kukulitsa chithunzi ndi chala, kuchepetsa, kupita pa china, kubwereranso. Panali chimodzi cha mayi wachikulire akuvina atanyamula lichero. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandikodola kuti ndikanikize pojambulira mawu. Ndinakanikiza n'kuwagwirira foni pafupi ndi pakamwa.

Koyamba mawu anakana. Kachiwiri anatuluka osokonekera, tinafufuta. Kachitatu anati:

"Mwanawe. Kuwala kuli bwino. Koma waima kutali. Usamaope anthu. Yandikira."

Tinatumiza. Yankho linabwera tisanaike n'komwe foni pansi, mwanayo akuseka koma mphuno ikumveka kuti akulira: "Ndamva, ababa. Loweruka lino kuli ukwati wina, ndikayesa."

Iwo anagwedeza mutu, kenako analoza pafoni kuti ndiwaikirenso. Ndinayesa akufuna kumvanso mwanayo, koma anakankha chala changa n'kuloza pamwamba pake, pa uthenga wawo womwe. Anaumvera katatu, mutu atapendeketsa.